Kodi Chiliza Chingasunge Dzina kwa Utali Wotani?

1. Kodi nziliza zachilendo zotani zimene zimapezeka m'manda ena akale?

M'MANDA akale a ku United States ndi Canada mumapezeka ziliza za mtundu wina zimene zimadabwitsa alendo. Pamene kuli kwakuti miyala ya pamanda oyandikana nazo yada ndi ndere ndipo zilembo zake zafafanizika, izo zimaoneka monga kuti zinaimikidwa chaka chatha. Nzotuŵa mobiriŵira, ndipo maina olembedwapo amaŵerengeka bwino lomwe ngakhale kuti papita zaka zoposa 110. Munthu atazigogoda ndi chala, zimalira ngati mgolo wopanda kanthu, pakuti mkati mwake nzamphako. Izo sizamwala konse. Nzopangidwa ndi zinki, chitsulo chimodzimodzicho chimene amakutira nacho malata ofolerera nyumba kuti asachite dzimbiri msanga.

2. Kodi ndani anapanga ziliza zimenezo, ndipo nchifukwa ninji mabanja anazikonda?

2 Zochuluka za ziliza zimenezi zinapangidwa ndi Monumental Bronze Company ya ku Bridgeport, m'chigawo cha Connecticut, kuyambira m'ma 1870 kufikira cha mu 1914. Kampaniyo inali ndi nthambi ku Detroit, Chicago, Des Moines, ndi ku St. Thomas m'dziko la Canada. Pofuna kukopa ogula, iyo sinatche malonda akewo zinki, koma inawapatsa dzina lotanthauza "mkuwa woyera." Banja loferedwa linkasankha chiliza m'buku la zithunzi limene wogulitsa anali kuyenda nalo, ndipo linkasankhanso chokometsera chake, kaya mtolo wa tirigu, nangula, mwana wa nkhosa, kapena manja aŵiri ogwirana. Mtengo wake unali wotsikirapo poyerekezera ndi chiliza chosemedwa pamwala, chotero mabanja osalemera kwenikweni anakhoza kuimika chinthu chooneka bwino pamanda a okondedwa awo.

3. Kodi nchiyani chinachitikira makonzedwe owonjezera maina pazilizazo?

3 Panalinso luso lina. M'mbali mwa chiliza munali timapale tachitsulo tomangidwa ndi masikuluwu. Wina m'banjamo akamwalira, anali kumasula kaphale kamodzi ndi kuikapo kena kokhala ndi dzina lake. Mwa njira imeneyi makolo analingalira kuti ana awo ndi adzukulu awo onse adzalembedwa pamalo amodzi. Komano Nkhondo Yadziko I inasintha zinthu. Fakitale ija inayamba kupanga zida zankhondo, ndipo pambuyo pa nkhondoyo anthu sanakondenso ziliza zazinki. Kampaniyo inapitiriza kupanga timapale tija kwa zaka zina, kufikira pamene inatsekedwa mu 1939. Nchifukwa chake ziliza zambiri zili ndi mbali zimene zili ndi duŵa kapena chokometsera china pamalo amene anasungira dzina. Dzinalo silinafikepo.

4. Kodi ziliza zazinki zimadzutsa funso lotani?

4 Ogulitsawo analonjeza kuti chitsulo chawo chidzakhalitsa kuposa mwala, ndipo ponena za zilembo, iwo sananame. Komabe, zinki imaŵerama pang'onopang'ono kaamba ka kulemera kwa iyo yokha, kotero kuti ziliza zazitali zimapendekeka ndi kung'ambika m'tsinde. Ndiponso njosachedwa kusweka ngati nthambi yaikulu yaigwera. Koma nkhani yaikulu ili pa anthu eniwo. Mabanja ambiri amene anazigula anasamukira kutali, ena anatha. Wodutsa angaŵerenge dzina la mayi, chaka cha kubadwa kwake ndi cha imfa yake, komabe sangadziŵe mmene mayiyo anali kusekera, zimene anapirira, kapena amene anamlira. Zili monga momwe Mlaliki 1:11 amasonyezera, kuti mibadwo yakale imaiŵalika ndipo yamtsogolo idzaiŵalikanso. Ngati chitsulo chosachita ndere chalephera kusunga munthu m'chikumbukiro, kodi nchiyani chimene chingakhoze?

Pansi pa Madenga a Malata

5. Kodi mabanja a ku Tandale amayang'anizana ndi zosankha zotani imfa ikagwa?

5 Funso limenelo silili la anthu a ku America okha. Ku Tandale, dera lodzaza anthu la m'boma la Kinondoni mumzinda wa Dar es Salaam, ku Tanzania, zinki ili pamwamba pa mitu ya amoyo. Nyumba zothinana nzofoleredwa ndi malata, ndipo ambiri amapeza ndalama mwa kusenza matumba kapena kugulitsa chimanga, mpunga, ndi nyemba pamsika wotchuka wa m'deralo. Imfa ikaloŵa m'nyumba yotero, banja limafunikira kusankha mwamsanga. Kodi malemuyo aikidwe mumzinda momwemo, monga kumanda a Kinondoni, kapena mtembo utengedwe ulendo wa makilomita mazanamazana kupita kumudzi kwawo? Achinansi ndi anansi amasonkha ndalama, ndipo zimenezo nzoyamikirika, pakuti maliro nkulirana. Koma miyezi ingapo pambuyo pake pamabuka nkhani ina, ya chiliza.

6. Fotokozani chitsenderezo chimene mkazi wamasiye angakhale nacho.

6 Talingalirani za mkazi wamasiye wa ana atatu amene akukhala m'chipinda cha lendi. Mkulu wa malemu mwamuna wake angafike nanena kuti: "Alamu, chaka chatha. Manda a mbale wathu adakali mulu wa dothi. Kodi anthu atiyesa otani?" Iye angakhale akulankhula mwachikondi chenicheni kwa mng'ono wakeyo. Komabe, chiliza cha matailosi, mpanda wachitsulo, ndi chakudya cha khamu lodzaonerera mwambowo zingadye ndalama zimene zikanalipira lendi ndi sukulu ya ana kwa miyezi yambiri. Mkaziyo akakana, ena adzati waiŵala mwamuna wake. Akavomera, angaloŵe m'ngongole ya katapira. Mkhalidwe wofananawo ngwodziŵika ku Ndirande mu Blantyre, ku Matero mu Lusaka, ndi ku Tete. Kuti Mkristu asankhe bwino, afunikira kudziŵa chimene chiliza chingachite ndi chimene sichingachite.

Awo Amene Sanalembedwe Paliponse

7, 8. (a) Kodi manda a nkhondo a m'Dar es Salaam amavumbula kusiyana kotani? (b) Kodi amtengatenga anakumbukiridwa motani?

7 Mzinda wa Dar es Salaam weniweniwo uli ndi phunziro pankhaniyi. Pamtunda wa makilomita oŵerengeka kuchokera ku Tandale, m'mbali mwa msewu wopita ku Bagamoyo, pali manda a ophedwa pankhondo osamaliridwa ndi Commonwealth War Graves Commission. Mandawo anakhazikitsidwa mu 1968 pamene manda 660 a m'Nkhondo Yadziko I anafunikira kusamutsidwa kuchoka ku Ocean Road kuti pamangidwe msewu. Pochita zimenezo kunapezeka kuti manda a m'zigawo za Aafirika sanaikidwe chizindikiro aliyense payekha, chotero mafupa awo anaikidwanso m'manda a onse pamodzi. Anthu amene anafera m'nkhondo imodzimodziyo sanasamaliridwe mofanana ngakhale pambuyo pa imfa.

8 Ochuluka koposa sanafike nkomwe m'manda otero. Pankhondo ya mu East Africa ya 1914 mpaka 1918, amuna mazana a zikwi anakakamizidwa kusenza chakudya ndi zipolopolo za magulu ankhondo. Pafupifupi 200,000 anachokera ku Nyasaland, amene tsopano ndi Malaŵi, kumene ntchitoyo inatchedwa tengatenga. Zikwi makumi ambiri anafa ndi njala, kamwazi, ndi malungo, ndipo anakwiriridwa m'mphepete mwa njira. Pakati pa mzindawo pali chipilala cha mkuwa cha msilikali Wachiafirika, chimene chinavundukulidwa mu 1927, koma pa icho palibe ndandanda ya maina awo. Mu 2021 bungwe losamalira manda lija linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ndipo mwinamwake ofika 350,000, makamaka a mu Afirika ndi ku Igupto, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe nkomwe. Amalonda a ku Malaŵi ndi Zambia amene amakagula katundu ku Kariakoo amatchula dzina lochokera ku mawu achingelezi akuti Carrier Corps, gulu la amtengatenga aja. Dzina la gululo linatsala, koma maina a amunawo anatayika.

9. Kodi mlimi wa ku America ndi wamtengatenga akufanana motani?

9 Chotero kumbali ina kuli mlimi wa ku Connecticut amene dzina lake likuŵerengeka pachitsulo koma palibe womdziŵa. Kumbali inayo kuli mnyamata wa ku Zomba kapena ku Songea amene analiridwa ndi amake koma sanalembedwe paliponse. Ngati chiyembekezo cha akufa chikanadalira pa ziliza, woyambayo akanapindula pang'ono chabe ndipo wachiŵiriyo akanatayikiratu. Kodi umu ndimo mmene Mulungu amaonera nkhaniyi? Mbiri ya m'Baibulo imayankha.

Ziliza za m'Nthaŵi za Baibulo

10. Kodi nchiyani chimasonyeza kuti kuika chizindikiro pamanda sikulakwa?

10 Malemba samatsutsa kusamalira manda. Sara atamwalira, Abrahamu anakana kulandira malo aulere ndipo analipira masekeli asiliva 400 kugula munda wokhala ndi phanga la Makipela, limene linadzakhala manda a banja lake. (Genesis 23:3-20) Rakele atafa pobala Benjamini panjira ya ku Betelehemu, Yakobo anaimika mwala pamanda ake, ndipo malowo anali odziŵikabe zaka mazana ambiri pambuyo pake, m'masiku a Samueli ndi Sauli. (Genesis 35:16-20, 1 Samueli 10:2) Amuna okhulupirika ameneŵa anasonkhezeredwa ndi chikondi ndi ulemu. Chifukwa chake, palibe amene ayenera kuweruza banja limene laika chizindikiro choyenera pamanda a wokondedwa wawo.

11. Kodi chipilala cha Abisalomu chinamthandiza?

11 Koma Baibulo limasimbanso za amuna amene anafuna kudzipangira dzina mwa miyala. Abisalomu, mwana wa Mfumu Davide, anadziimikira chipilala m'Chigwa cha Mfumu adakali moyo, chifukwa anawopa kuti analibe mwana wamwamuna wosunga dzina lake. Ndiyeno anapandukira atate wake. Ataphedwa, mtembo wake unaponyedwa m'dzenje m'nkhalango ndi kuunjikiridwa miyala, kutali ndi chipilala chakecho. (2 Samueli 18:14-18) Chimango chimene alendo amasonyezedwa m'Chigwa cha Kidroni monga manda a Abisalomu chinamangidwa zaka pafupifupi chikwi iye atafa. Chimene anthu akumkumbukira nacho kufikira tsopano ndicho chipanduko chake.

12. Kodi nchiyani chimene chili chochititsa chidwi ponena za Sebina ndi mwala wopezedwa ku Silwan?

12 Wina anali Sebina, woyang'anira nyumba ya Mfumu Hezekiya. Panthaŵi imene Yerusalemu anali pangozi, iye anali wotanganitsidwa kudzisemera manda aulemerero pathanthwe lalitali. Mneneri Yesaya anatumidwa kukamdzudzula ndi kumuuza kuti adzachotsedwa paudindo wake. (Yesaya 22:15-21) Mu 1870 Mfalansa wina wofufuza zamakedzana, Charles Clermont-Ganneau, anapeza mwala wolembedwa Chihebri chakale pamwamba pa khomo la manda a m'thanthwe ku Silwan, moyang'anizana ndi Yerusalemu wakale. Mwalawo unatengedwa kupita ku British Museum ku London, ndipo mu 1953 katswiri wotchedwa Nahman Avigad anakhoza kuuŵerenga. Umatchula mwini mandawo kukhala woyang'anira nyumba yachifumu, ndipo akatswiri ambiri amalingalira kuti anali Sebina. Nchifukwa ninji iwo angolingalira? Chifukwa chakuti mwalawo unawonongeka pamalo penipeni pamene panali dzinalo, ndipo zilembo zake zomalizira zokha nzimene zinatsala!

13. Kodi kusadziŵika kwa manda a Mose kumasonyezanji?

13 Tsopano yerekezerani amuna ameneŵa ndi Mose. Iye anafera m'dziko la Moabu, ndipo Deuteronomo 34:5, 6 amasimba kuti palibe munthu anadziŵa malo a manda ake. Panalibe mwala, panalibe chipilala. Komabe, dzina la Mose limatchulidwa m'Baibulo nthaŵi mazanamazana, ndipo chaputala 11 cha Ahebri chimamuika pakati pa amuna ndi akazi achikhulupiriro. Mwachionekere, kukhala ndi manda osadziŵika sikumachotsera munthu kalikonse pamaso pa Mlengi wake.

Chikumbukiro Chimene Sichifafanizika

14. Kodi nchifukwa ninji kuchuluka kwa akufa sikuli vuto kwa Mulungu?

14 Chiyembekezo cha akufa chili m'chikumbukiro cha Mulungu. Yesaya 40:26 amafotokoza kuti iye amaitana nyenyezi iliyonse ndi dzina lake. Akatswiri a zakuthambo amanena kuti mlalang'amba wathu wokha uli ndi nyenyezi zosachepera mamiliyoni 100,000, chiŵerengero chofanana ndi cha anthu onse amene akuyerekezeredwa kuti anakhalapo padziko lapansi. Ndipo milalang'amba ilipo yosaŵerengeka. Kodi Amene amadziŵa zonsezo angasoŵe dzina la wamtengatenga mmodzi? Yesu ananena kuti Atate wake saiŵala ngakhale mpheta imodzi yogulitsidwa pamsika ndi tindalama tochepa, ndi kuti tsitsi lenilenilo la munthu nloŵerengedwa. (Luka 12:6, 7) Mneneri Malaki anasimba za buku la chikumbutso limene limalembedwa pamaso pa Mulungu kaamba ka omuwopa. (Malaki 3:16) Buku limenelo silidalira fakitale imene ingatsekedwe.

15. Kodi chikumbukiro cha Mulungu chimasiyana motani ndi cha chiliza?

15 Ndiponso, chikumbukiro cha Mulungu chimachita chimene chiliza sichingathe. Chiliza chimasunga zilembo, pamene Mulungu amasunga munthu yense ndipo akhoza kumbwezera moyo. Pamanda a ku Betaniya, Yesu analamula kuti mwala uchotsedwe, naitana Lazaro ndi dzina, ndipo munthu amene anali atafa masiku anayi anatuluka. Marita ndi Mariya analandira mlongo wawo yemwe uja. (Yohane 11:38-44) Yesu analonjeza kuti nthaŵi idzafika pamene onse a m'manda adzamva mawu ake ndi kutuluka. (Yohane 5:28, 29) Chivumbulutso 20:13 chimawonjezera kuti ngakhale nyanja idzapereka akufa ake. Mawu ameneŵa ngotonthoza kwa mabanja a asodzi otayika pa Nyanja ya Malaŵi, kwa achinansi a anthu mazanamazana amene anamira ndi sitima ya MV Bukoba pa Nyanja ya Victoria mu 1996, ndi kwa aliyense amene alibe manda oti akaimepo.

Kusankha Mwanzeru

16. Kodi ndi malamulo a mkhalidwe ati amene angathandize banja kusankha?

16 Kodi zonsezi zingathandize motani mkazi wamasiye uja ndi alamu ake? Choyamba, zimachotsa mantha. Palibe paliponse pamene Malemba amasonyeza kuti mtendere wa womwalira umadalira pa simenti kapena matailosi. Chachiŵiri, zimaika zinthu pamalo ake. Mtumwi Paulo anachenjeza mwamphamvu munthu amene sasamalira a m'banja lake, ndipo Yakobo anafotokoza kulambira koyera kukhala kophatikizapo kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. (1 Timoteo 5:8, Yakobo 1:27) Miyambo 22:7 imachenjeza kuti wokongola amakhala kapolo wa womkongoza. Mwamuna amene anagwira ntchito zolimba kuti ana ake aphunzire salemekezedwa pamene anawo achotsedwa sukulu kuti manda ake aoneke bwino.

17. Kodi banja lingachitenji kuti lisunge dzina la malemu popanda kuloŵa m'ngongole?

17 Pali zambiri zimene banja lingachite popanda ngongole. Kachipilala kakang'ono ka simenti, kolembedwa dzina ndi zaka mozokota simentiyo isanaume, nkokwanira kusonyeza malo, ndipo sikakopa akuba zitsulo amene amazula mitanda m'manda a m'mizinda yambiri. Wina angalembe m'kope maina a makolo, mudzi umene anachokera, ndi malo amene anaikidwa, ndi kupatsa mwana aliyense kope lake. Akulu angasimbire adzukulu zimene agogo awo anachita ndi zimene anakhulupirira. Mwamuna ndi mkazi wake angakambitsirane adakali moyo za mmene afunira kuikidwa, ndi kulemba zimenezo, kuti wotsalayo asadzakanganitsidwe ndi achinansi. Banja lopeza bwino limene lifuna kuimika chiliza chabwinopo lili ndi ufulu wa kutero, malinga ngati cholinga chake sichili kupikisana ndi manda oyandikana nawo.

18. Kodi mpingo ungathandize motani, ndipo chitsanzo cha Dorika chimaphunzitsanji?

18 Mpingo nawonso uli ndi mbali yake. Anthu amadzaza pabwalo patsiku la maliro, koma wamasiye amafunikira mabwenzi kwambiri pamene mahema achotsedwa ndipo mwininyumba wayamba kufunsa za lendi. Ulendo wokamchezera m'mwezi wachitatu, thumba la ufa, kapena yunifolomu ya mwana zimalemekeza malemuyo koposa nkhata zamaluŵa. Dorika wa ku Yopa atamwalira, akazi amasiye anaimirira pafupi ndi mtumwi Petro akulira ndi kumsonyeza zovala zimene iye anawasokera. (Machitidwe 9:36-41) Chikumbutso cha Dorika chinali pamatupi a anthu amene anawathandiza. Mofananamo, Yesu ananena kuti mkazi amene anamdzoza mafuta onunkhira ku Betaniya adzakumbukiridwa kulikonse kumene uthenga wabwino udzalalikidwa, ndipo zimenezo zachitikadi. (Marko 14:3-9)

19. Kodi ndi dzina lotani limene munthu ayenera kulimbikira kupanga, ndipo liti?

19 Mlaliki 7:1 amaika mbiri yabwino pamwamba pa mafuta amtengo wapatali, ndipo amatcha tsiku la imfa kukhala loposa tsiku la kubadwa. Nchifukwa ninji? Chifukwa chakuti pobadwa munthu amakhala ndi dzina lopanda mbiri, koma pomwalira amakhala atalidzaza ndi ntchito zake. Dzina limenelo limapangidwa munthu adakali moyo, pamsika, m'nyumba, ndi mumpingo, ndipo achinansi sangalikonze pambuyo pake ndi womanga ziliza. Ziliza zazinki za ku America zidzapendekeka potsirizira pake, ndipo malata a ku Tandale adzachita dzimbiri. Koma wosenza matumba amene anali woona mtima, mayi amene analera ana a mbale wake, ndi wamtengatenga amene anagwa panjira popanda womlemba ali odziŵika kwa Mulungu, aliyense ndi dzina lake. Nchanzeru chotani nanga kuti amoyo athere nyonga yawo pa kukondweretsa Iye, ndi pa kusamalira awo amene akufa anawasiya m'manja mwawo!

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi ziliza zazinki zinakhoza kusunga chiyani, ndipo zinalephera kusunga chiyani?

□ Kodi nkusiyana kotani kumene kulipo pakati pa mwala wa Yakobo ndi chipilala cha Abisalomu?

□ Kodi nchifukwa ninji awo amene alibe manda odziŵika sanatayike kwa Mulungu?

□ Kodi banja loferedwa lingalemekeze motani malemu popanda kusautsa amasiye?